Paketi ya gulukosi m'thumba la atate

Chinayamba ndi ludzu. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi m'misewu ya ku Ndeke, pamene ndinazindikira kuti botolo langa la madzi linkatha tisanamalize n'komwe kutenthetsa thupi. Ndinkamwa anga, n'kupempha a mnzanga, kenaka n'kupita kumpopi wa kuseri kwa bwalo kukamwera m'manja. Kukhosi kunkangoumabe. Sindinadabwe kwenikweni. Munthu amene ntchito yake ndi kuthamanga amamwa madzi, ndiye ndinkaona ngati thupi langolimbikira ntchito yake.

Dzina langa ndine Zelipa, ndimakhala ku Ndeke kuno ku Kitwe, ndipo ntchito yanga ndi kusewera basiketibo. Ndikanena choncho, amayi a kutchalitchi amamwetulira n'kufunsanso kuti, nanga ntchito yeniyeni? Koma ndi yomweyo. Timu yathu ya akazi ili pansi pa kampani ina ya kuno, imatilipira pa mwezi, ndipo mpira womwewo ndi umene unakhoma malata atsopano pa nyumba ya makolo anga. Ndinayamba ndili ku sekondale, mphunzitsi wina atandichotsa ku netibo chifukwa ndinkangotola mpira pamwamba pa mitu ya anzanga, masewero n'kusakoma. Kenaka ndinasewera m'katimu ka ku Kamitondo, pa bwalo la simenti long'ambikang'ambika, mpaka timu ya kampaniyi inanditenga. Malo anga ndi pansi pa ringi. Mpira ukakana kulowa, ine ndimautenga m'mwamba ena asanaufike. Anzanga, amene ambiri ndi Abemba, amanditcha Mutali chifukwa cha kutalika kwanga.

Kuti mumvetse za matenda anga, muyenera kuwadziwa atate anga, a Tembo. Anagwira ntchito ku mgodi mpaka kupuma, ndipo ndi mkulu wa mpingo. Ndi munthu wa jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mpira wanga sankaufuna. Mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo, atavala kabudula, kumadumpha pamaso pa amuna! Kwa zaka zambiri sanautchule ndi dzina lomwe, ankangoti "zodumphadumpha zakozo." Ndikabwera ndi mendulo, ankayang'ana kumbali n'kufunsa amayi ngati nkhuku zalowa.

Tsiku lina, ndili kale m'timu ya kampani, ndinawaona ataima kuseri kwa waya wa bwalo, manja ali kumbuyo. Sanaombe m'manja, sanandipatse moni. Koma anaona mwambo wathu. Ife osewera kuno, kuyambira ku pulayimale, nthawi yopuma ikakwana timatambasula dzanja, wina n'kutithira ufa wa gulukosi, ife n'kunyambita. Timati umabweza mphamvu, ndipo palibe anafunsapo kuti zinayamba ndi ndani. Pa masewero otsatira atate anabwera ndi paketi yawoyawo m'thumba lam'kati la jekete. Nthawi yopuma anandikodola, anandithira m'dzanja, nati, "Limba." Sanandiuzepo ndi pakamwa kuti andilola kusewera, mpaka lero lino. Ine ndinamva kudzera pa paketi ija, ndipo ndinalira m'chipinda chovalira osauza munthu chifukwa chake. Kuyambira pamenepo sanaphonyenso masewero. Ba Kochi, mphunzitsi wa timu yathu, anawapatsa malo kumapeto kwa benchi, ndipo atsikana anawatcha Ba Gulukosi. Mkulu wa mpingo wathunthu, ankavomera.

M'mwezi wa Sepitembala thupi linayamba kutsika. Jezi yanga, imene inkandithina m'mapewa, inayamba kulendewera. Ndinkadya kwambiri kuposa kale, mpaka amayi kudandaula kuti ufa sukuchedwa, koma mafupa a m'khosi ankaonekerabe. Ba Kochi anasangalala. "Mutali, manje wapepuka, ndiye vamene tifuna!" Ine ndinanyadira, ngakhale miyendo inkalemera ngati ndamangirira njerwa. Kuchimbudzi ndiye osanena. Pa maphunziro amodzi a mpira ndinkapempha kutuluka mobwerezabwereza, mpaka atsikana anayamba kunong'onezana. Amayi nawonso anandiitanira kukhitchini n'kundifunsa funso limene amayi amafunsa mwana wamkazi. Ndinakwiya kwambiri. Ndinalibe pakati, koma sindinkadziwanso chimene chinkandichitikira.

Chimene chinandisokoneza kwambiri ndi maso. Tsiku lina ringi inkaoneka bwinobwino, mawa lake inkaoneka ngati ili mu utsi. Ndinkaponya mpira pamalo amene ndaponyerapo kuyambira ndili mtsikana, mpira n'kupita kwina. Ndikati ndikagule magalasi, m'mawa mwake maso ankayera. Ndikati ndachira, madzulo ake utsi uja wabweranso. Matenda amene amabwera n'kupita amakupusitsa, chifukwa tsiku labwino limafafaniza la dzulo. Ndinapita ku kiliniki ya pafupi poganiza kuti ndi malungo. Anandibaya chala, ndinadikira pa benchi, ndipo nesi anati, "Malaria mulibe. Koma mubwele mailo kuseni musanadye, tipime shuga." Ankatanthauza mawa m'mawa, koma ine ndinaseka m'njira monse. Shuga ine? Matenda a shuga ndinkawadziwa kuti ndi a mabwana a mimba zikuluzikulu ndi agogo. Ine ndinali woonda, wothamanga tsiku ndi tsiku. Ligi inali itafika pachimake, ndiye ndinati ndidzapita masewero akachepa.

Atate anaona kuti ndikufooka, ndipo anachita zimene ankadziwa. Gulukosi wa pa nthawi yopuma anamuonjezera. Anayamba kundisungunulira wina m'botolo la madzi m'mawa ndisanapite ku maphunziro. Ndikamwa ndinkamva ludzu loposa, ndikamva ludzu ndinkamwanso botolo lomwelo. Ndikabwera nditatheratu, iwo ankagwedeza mutu n'kunena kuti paketi imodzi yachepa. Sindikuwaimba mlandu. Inenso ndinkatambasula dzanja ndekha, ndipo panalibe m'timu monse amene anaona cholakwika.

Ndinagwa m'mwezi wa Okutobala, ku Ndola, pa bwalo lina la kufupi ndi Kanini. M'mawa wa tsikulo ndinasanza, ndipo m'mimba munkapota. Ndinaganiza kuti ndi chakudya cha dzulo. Masewero atayamba, ndinaona kuti ndikupuma mozama ngati ndathamanga tsiku lonse, pamene tinali titangoyamba. Kenaka mutu unayamba kutaya zinthu. Ndinatola mpira pansi pa ringi, n'kuima nawo. Sindinkadziwa kuti ringi yathu ndi iti. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, zonse zinali zofanana, ndipo majezi a matimu onse awiri ankaoneka ngati ndawaonapo kwinakwake. Mwape, mnzanga amene amayendetsa mpira m'timu mwathu, ankakuwa pofunsa chimene chavuta, "Iwe Mutali, cinshi? Ponya bola!" Mawu ake ndinkawamva, koma ngati akulankhula ndi munthu wina.

Nthawi yopuma ndinapita kwa atate monga mwa masiku onse. Anandithira, ndinanyambita, koma lilime linali louma moti ufa uja unangomata m'kamwa osatsika. Titabwerera m'bwalo, ndikukumbuka kuti ndinakhala pansi pakatikati n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Mumtima mwanga masewero anali atatha, ndipo ndinkadabwa kuti anthuwa akuthamangiranji. Zotsatira zake sindikuzikumbuka. Mwape anandiuza pambuyo pake kuti anandinyamula anthu angapo chifukwa cha kutalikaku, ndipo m'minibasi ya timu, njira yonse ya kuchipatala, atate anaika mutu wanga pamiyendo pawo n'kumandipaka gulukosi m'kamwa ndi chala, uku akupemphera.

Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala chachikulu cha ku Ndola, dilipi ili m'manja monse muwiri. Mapazi anga ankatulukira kumapeto kwa bedi, ndipo wina anali atawaikira mpando. Masiku oyamba ali zidutswazidutswa m'mutu mwanga. Ndinkaona ngati ndili m'chipinda chovalira, ndipo akuti ndinafunsa nesi kuti tikutsogola ndi mapointi angati. Manesi ankabwera pafupipafupi kudzandibaya chala, kuyang'ana pa kamakina, kusintha botolo la dilipi, n'kupita. Ndikatseka maso n'kutsegula, nesi anali wina koma singano inali yomweyo. Amayi anali atafika kuchokera ku Kitwe ndipo ankandidikirira. Ndinkawazindikira, kenaka n'kuwafunsa kuti abwera liti, iwo n'kundiyankha, ine n'kufunsanso.

Tsiku limene mutu unayamba kukhazikika, dokotala anabwera atate ali pomwepo. Anafotokoza kuti ndili ndi matenda a shuga a mtundu umene umagwiranso achinyamata ndi anthu oonda. Thupi langa linali litasiya kupanga insulini, chinthu chimene chimalowetsa shuga m'minofu kuti akhale mphamvu. Ndiye shuga ankangodzaza m'magazi pamene minofu ikufa ndi njala, thupi linayamba kudzidya lokha, ndipo zotsalira zake ndi zimene zinandisokoneza mutu. Anati ndinafika mochedwa kwambiri, koma ndinafika. Kenaka anafunsa zimene ndinadya ndi kumwa tsiku lija. Atate anapisa m'jekete, anatulutsa paketi yotsala theka, nanena ndi mtima wonse, "Tamupatsa uyu, adokotala. Njira yonse sitinamusiye."

Dokotala anayang'ana paketi ija. "Ba tate, uyu osamupasanso," anatero mofatsa. "Sindiye waleta matenda, imvelani bwino. Matenda yanabwela yeka. Koma shuga inali yapaka kale, yambili mu magazi, ndiye uyu anali kuonjezelako." Ine ndinamva ziganizo zonse. Atate anamva choyamba ndi chomaliza basi. Anapita pa bini ya pakhomo la wodi, anaponyamo paketi ija, n'kutuluka. Ndinawaitana koma sanacheuke.

Ndinakhala m'wodi kwa masabata angapo. Moyo wake ndi wa kudikira. M'mawa kusamba, kuyezedwa, jakisoni, chakudya, kenaka kudikira madokotala. Masana kudikira nthawi ya alendo, pamene achibale amene akhala panja padzuwa ndi madengu a chakudya amalowa onse pamodzi. Aliyense wobwera anali ndi malangizo ake. Wina ankati ndisadyenso nsima, wina ankati ndizidya ya mgaiwa yokha, amayi a kutchalitchi anabweretsa masamba owawa oti ndiziwiritsa, ndipo mayi wa pa bedi loyandikana nane ankalumbira kuti jakisoni ukangomuyamba ndiye kuti watha. Mutu wanga, umene unali utangobwerera, unkafuna kuthawanso. Manesi anandiuza kuti ndizimvera iwo okha, ndipo anandiphunzitsa kudzibaya pamimba ndi pantchafu. Ine amene ndagundidwapo zigongono ndi akazi amphamvu a m'ligi monse, ndinkaopa kasingano kochepa ngati tsitsi.

Atate ankabwera kuchokera ku Kitwe pafupifupi tsiku lililonse, koma ankaima kumiyendo kwa bedi, manja ali kumbuyo. Sankabweretsa kanthu, ngakhale nthochi. Sankandigwira dzanja. Ankafunsa amayi kuti wagona bwanji, ine ndili pomwepo ndi makutu anga, kenaka pemphero lalifupi, n'kupita. Zinandipweteka kuposa singano zonse, ndipo ndinkaganiza kuti andikwiyira chifukwa mpira umene ankaukana uja wandigwetsa. Amayi ndi amene anandiuza zoona tsiku lina akundipesa tsitsi. "Atate ako sakudya bwino. Akuti manja awo ndi amene anakugoneka pano."

Nditatuluka, tinapeza kuti kunyumba kwasintha. Atate anali atachotsa shuga yense m'nyumba. Tiyi wa aliyense anali wopanda shuga, ngakhale wa alendo, ndipo abusa atabwera kudzandiona anamwa kapu yawo nkhope itakwinyika, osadandaula. Insulini amafuna pozizira, ndiye magetsi akathima tinkamuchotsa m'firiji n'kumuika mumtsuko wokhala pa mchenga wonyowa, monga anatilangizira kuchipatala. Atate ndi amene ankathirira mchengawo, koma botolo la mankhwala sankalikhudza. Thupi linayamba kubwerera, maso anayera, ludzu linatha. Nditatchula zobwerera ku timu, anayankha osandiyang'ana. "Zodumphadumpha zija zatha." Mawu amene ndinali nditawaiwala anabwereranso m'nyumba. Pamenepo ndinachita mantha enieni. Ba Kochi anali atandiuza kuti malo anga andisungira mpaka ligi ina, koma ine sindinkafuna malo okhawo. Ndinkafuna ndi munthu wa kumapeto kwa benchi yemwe.

Mwezi uliwonse ndinkapita ku kiliniki ya odwala shuga kuno ku Kitwe. Umafika m'mamawa usanadye, n'kukhala pa benchi pakati pa achikulire. Ambiri ankaganiza kuti ndaperekeza munthu, ndipo agogo ena anandipempha kuti ndiwasiyire malo poti ine sindikudwala. Kumeneko ndinafunsa nesi wamkulu, amene tonse timamutcha Ba Sista, ngati ndingasewerenso. Ndinali nditakonzeka kumva kuti ayi. Iye anati ndingathe, bola ndiziyeza magazi ndisanalowe m'bwalo ndi pa nthawi yopuma. Kenaka anaonjeza chinthu chimene chinandizunguza mutu. Anati insulini pamodzi ndi kuthamanga zingatsitse shuga mpaka pansi, munthu n'kukomoka, choncho pa benchi pazikhala wina wosunga gulukosi. Ndinamuyang'ana kuti mwina akuseka. Chinthu chimene dokotala anati ndisapatsidwenso, chimene atate anataya m'bini, lero ndiye mankhwala? Ba Sista anati zonse ziwiri ndi zoona, chimene chimaweruza ndi kamakina koyezera. Ndinabwerera kunyumba ndisanamvetse.

Ndinamvetsa patapita masabata ochepa, ndikuyanika zovala. Ndinali nditadzibaya koma chakudya chinachedwa. Mwadzidzidzi manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira linatsika kumsana, ndipo ndinayamba kuseka popanda choseketsa. Ndinayeza, nambala inali pansi kwambiri. Ndinauza amayi kuti ndikufuna shuga msanga, koma m'nyumba ya a Tembo munalibe shuga ngakhale kambewu kamodzi. Amayi anathamangira kwa aneba ndi kapu, chitenje chili m'manja. Atate anatuluka n'kupeza mkazi wawo akumwetsa mwana madzi a shuga, ndipo anakuwa ngati aona moto. Nditatsitsimuka ndinawaonetsa kamakina n'kuyesa kufotokoza. Anakhala pansi pakhonde. "Ndiye tiziti shugayu ndi mdani kapena m'bale?" anafunsa. Inenso funso lomwelo linali lisanathe mumtima.

Ulendo wotsatira wa ku kiliniki ndinawakakamiza kuti tipitire limodzi. Ba Sista anawakhazika pansi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono, kuwaonetsa nambala ya pamwamba ndi ya pansi, ndiponso zizindikiro za shuga wotsika, monga kunjenjemera, thukuta, milomo kutuwa ndi munthu kuchita zosamveka. Atate anamvetsera chipewa chili pamaondo. Pomaliza Ba Sista anati, "Ba tate, uyu mwana afunika munthu pa benchi wamene amuziba nkhope. Eve yeka nthawi zina sazaziba kuti shuga yagwa." Atate anayang'ana manja awo n'kunena kuti, "Manja awa ayi. Apezeni ena." Potuluka anandiuza kuti nditsogole, iwo ali ndi kogula m'tauni. Tinakwera mabasi osiyana.

Ndinabwerera ku maphunziro mvula itatha, ndikuyamba pang'onopang'ono. Atate sanandiletse, komanso sanandilole. Ankangotsegula wailesi ndikamatuluka ndi chikwama. Ba Kochi anagula paketi ya gulukosi n'kumaisunga m'chikwama cha timu, ndipo Mwape anaphunzira kugwiritsa ntchito kamakina. Zinkayenda, koma nthawi yopuma ikakwana miyendo inkanditengera kumapeto kwa benchi, kumene tsopano kunkakhala mabotolo a madzi. Atsikana sankatchulanso dzina la Ba Gulukosi.

Masewero anga oyamba a ligi anali kuno ku Kitwe, m'nyengo yozizira. Ndikutenthetsa thupi ndinaona jekete kuseri kwa waya, pamalo omwe aja a tsiku loyamba. Ndinachita ngati sindinaone, poopa kuti angathawe. Nthawi yopuma ndinayeza, nambala inali bwino, ndinadya kagawo ka buledi monga anandilangizira. Koma chigawo chachitatu chinali chothamanga kwambiri, ndipo Ba Kochi anandisiya m'bwalo nthawi yaitali chifukwa tinkatsalira. Sindinamve chilichonse chikubwera. Ndikukumbuka kuti zinthu zinayamba kundisangalatsa. Ndinapatsira mpira munthu wa timu ina n'kuseka. Mizere ya pa bwalo inkaoneka yambiri kuposa masiku onse. Mwape anali m'bwalo, maso ake ali pa mpira, ndipo Ba Kochi ankakangana ndi woyimbira masewero. Aliyense ankaona ngati ndi dzimbiri la munthu amene wakhalitsa osasewera.

Amene anaona anali munthu wa kuseri kwa waya. Akuti anazungulira mpanda akuthamanga, mkulu wa mpingo amene sindinamuonepo akuthamanga chibadwire, n'kukagwira Ba Kochi paphewa. "Mutulutseni mwanayo. Milomo yatuwa." Anandikhazika pa benchi, wina anandibaya chala, ndipo nambala inali pansi. Ba Kochi anayamba kufwanthula chikwama cha timu, akutulutsa mabandeji ndi majezi, paketi osaoneka. Pamenepo atate anapisa m'thumba lam'kati la jekete. Anatulutsa paketi yosatsegula, ngodya zake zitaperepeseka chifukwa choyenda m'thumba nthawi yaitali. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi imene anakagula tsiku lija la ku kiliniki, ndipo ankayenda nayo ngakhale kutchalitchi, osauza munthu.

Anaing'amba ndi mano, koma dzanja linakana kuthira. Anapempha kuti awaonetsenso kamakina, anayang'anitsitsa nambala, anayang'ana ine, anayang'ananso nambala. Ndinatambasula dzanja.

"Ndithire, mwanawe?" anafunsa.

"Thirani, atate."

Anathira. Ufa wina unagwera pansi, wina pa nsapato zawo. Ndinanyambita, ndinamwa madzi, ndipo patapita kanthawi mizere ya pa bwalo inabwerera m'malo mwake. Atate anali atagwada pa simenti, akundigwira dzanja lomatamatalo ndi manja awo onse awiri. Kanali koyamba kundikhudza chichokereni ku Ndola. Masewerowo tinagonja, ndipo sindinalowenso tsiku limenelo, koma pobwerera ku Ndeke tinakwera basi imodzi.

Lero ndili bwino. Ndimadzibaya tsiku ndi tsiku, ndimayeza, ndimapita ku kiliniki mwezi uliwonse, ndipo malo anga a pansi pa ringi ndinawatenganso. Matendawa sanachoke ndipo sadzachoka. Pali masiku amene nambala imakwera kapena kutsika popanda chifukwa chimene ndingachione, ndipo ndimasokonezekabe. Koma ndinaphunzira kuti pamene mutu wanga sukudziwa, kadontho ka magazi kamadziwa. Ndiye kwa inu amene mukumwa madzi osakhuta, mukupita kuchimbudzi mobwerezabwereza, mukuonda pamene mukudya, maso akuchita mdima n'kuyera, pitani mukayezetse msanga, ngakhale muli achinyamata, ngakhale mumathamanga kuposa anzanu onse. Ndi kubaya chala basi. Nesi akati mubwere mawa, pitani mawa lomwelo. Ine ndikanapita, sindikanamasula nsapato pakati pa bwalo ku Ndola, ndipo atate anga sakanakhala miyezi yonse ija akuopa manja awo. Ndipo inu makolo ndi makochi, munthu akamafooka masiku ambiri, musangoonjeza gulukosi, mutengereni kuchipatala.

Kunyumba shuga anabwerera, koma amakhala m'kabotolo kamene kali pamalo odziwika ndi aliyense. Atate akumwabe tiyi wosathira kanthu, akuti anazolowera. Pa benchi anabwerera kumapeto kuja, kamakina kali m'thumba la kumanzere, paketi ili m'thumba la kumanja. Nthawi yopuma ikakwana ndimapita kwa iwo n'kutambasula dzanja monga kale. Amandibaya chala okha, amavala magalasi, n'kuwerenga nambala. Masiku ambiri imakhala bwino, ndipo paketi simatuluka. Pamenepo amangopinda zala zanga pa chikhatho chopanda kanthu, amafinya pang'ono, n'kunena kuti, "Limba."